TIYENI TIUDZIWE MZINDA WA MAPUTO



Ambiri a ife tinabadwira kumudzi. Kumudzi timadziwa njira iliyonse: ya kudimba, ya kuchitsime, ya kumanda ndi ya kwa amfumu. Ngakhale usiku wopanda mwezi sitisochera. Koma tsiku limafika loti munthu apite ku mzinda waukulu. Wina amapita kukaona mwana wake. Wina amatumizidwa ku chipatala chachikulu. Wina amapita kukaphunzira, wina kukafuna ntchito. Pofika kumeneko mtima umagunda. Nyumba ndi zambiri, magalimoto ndi ambiri, anthu akuyenda mofulumira, ndipo palibe amene akukudziwani.

M'phunziro lino tiwerenga za Maputo, likulu la dziko lathu la Mozambique. Tiona kuti mzinda waukulu ndi midzi yambiri yolumikizana. Mudzi wa mumzinda umatchedwa bairo. Pa zikwangwani amalemba kuti BAIRRO. Munthu amene wadziwa bairo imodzi, ndi msewu umodzi wotulukira m'bairoyo, wayamba kale kuudziwa mzinda.

1. MMENE NDINASOCHERERA

Ine ndinabadwira ku Angónia. Nditamaliza sukulu ya sekondale ndinapita ku Maputo kukakhala kwa amalume miyezi ingapo. Pochoka, amayi anandiuza kuti: "Amalume ako amakhala ku Polana." Sindinafunse zambiri. Ndinkayesa kuti Polana ndi malo amodzi, monga tinenera kuti ku Domwe kapena ku Ulongwe.

Ulendo wake ndi wautali. Kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Maputo pali makilomita oposa 1,500. Basi imadutsa ku Changara, ku Catandica ndi ku Chimoio. Pa Inchope imakhotera kumwera. Imaoloka mtsinje wa Save, imadutsa ku Maxixe, imaoloka Limpopo pa Xai-Xai. Ku Maputo mabasi ambiri ochokera m'zigawo amaima pamalo otchedwa Junta.

Nditatsika pa Junta ndinapeza kuti foni yanga yathima. Nambala ya amalume inali m'foni momwemo. Sindinailembe papepala. Ndinafunsa njira ya ku Polana, ndipo anandikweza galimoto lopita kumalo otchedwa Museu. Kumeneko ndinaona nyumba zosanja zitalizitali ndi alonda pa zipata. Ndinayenda uku ndi uku, katundu ali pamutu, mpaka dzuwa linapendeka.

Pomaliza ndinapereka moni kwa agogo ena amene ankagulitsa mtedza wokazinga. Iwo anandifunsa kuti: "Polana iti, mwananga? Polana Cimento kapena Polana Caniço?" Ine kukamwa kunangoti yasa. Nditawauza kuti amalume ndi kalipentala, agogowo anaseka nandilozera galimoto lopita ku Xiquelene. Kumeneko mnyamata wa pa kagolosale anandilola kutchaja foni, ndipo amalume anabwera kudzanditenga kutada.

Akuluakulu anati: safunsa anadya phula. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti ku Maputo dzina limodzi limatha kukhala ndi malo awiri. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuyamba ndi mbiri.

2. MZINDA WA SIMENTI NDI MZINDA WA BANGO

Kale mzindawu unkatchedwa Lourenço Marques. Unakula chifukwa cha doko. Mu 1887 Apwitikizi anaulengeza kuti ndi mzinda. Mu 1895 njanji yopita ku Pretoria inatsegulidwa, ndipo katundu wa ku migodi ya golide ya ku Joni anayamba kudutsa padokopo. Mu 1898 likulu linachoka ku Ilha de Moçambique n'kubwera kuno. Ntchito yolemetsa ya padoko, ya panjanji ndi ya m'misewu inkagwiridwa ndi anthu akuda, ambiri mwa iwo pa chibalo.

Atsamunda anaugawa mzinda pawiri. Pafupi ndi nyanja anamanga nyumba za simenti, misewu yatala, mipopi ya madzi ndi magetsi. Kumeneko kunkakhala azungu ndi anthu ena ochepa. Mbali imeneyi inatchedwa Cimento, kutanthauza simenti.

Antchito akuda ankakhala kunja kwake, pa mchenga ndi m'malo otsika. Kwa zaka zambiri sankaloledwa kumanga nyumba za simenti kumeneko. Ankamanga ndi bango, ndipo opezako bwino ankamanga ndi matabwa ndi malata. Mbali imeneyi inatchedwa Caniço, kutanthauza bango. Munthu wakuda ankayenda ndi kabuku kotchedwa caderneta. Akapezeka mumzinda wa simenti itapitirira 9 koloko usiku popanda chilolezo, ankamangidwa.

Ufulu unabwera pa 25 June 1975. Pa 3 February 1976 Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti dzina la mzinda likhala Maputo. Tsiku lomwelo boma linatenga nyumba za lendi, ndipo mabanja ambiri akuda analowa koyamba m'nyumba zosanja. Pambuyo pake kunabwera nkhondo, imene inatha mu 1992. Anthu ambirimbiri anathawa kumidzi n'kudzamanga m'mabairo a bango. Mabairowo anadzaza, ndipo ena atsopano anabadwa.

Lero nyumba za bango zatsala zochepa. Anthu anamanga ndi mabuloko ndi malata, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa. Koma dzina lakuti Caniço lidakalipo, ndipo anthu ambiri a mu Maputo amakhala m'mabairo amenewa. Wachibale akakuuzani kuti amakhala ku Maputo, nthawi zambiri akunena kumeneku.

3. KUKULA KWA MZINDA

Pa kalembera wa mu 2017, mu Maputo munapezeka anthu oposa miliyoni imodzi. Kumeneku ndi kuposa katatu anthu a mumzinda wa Tete. Moyandikana ndi Maputo pali mzinda wina, Matola, umene unalinso ndi anthu oposa miliyoni imodzi. Mizinda iwiriyi inakumana. Mlendo sadziwa pamene wina wathera ndi pamene wina wayambira. Anthu ambiri amagona ku Matola n'kumagwira ntchito ku Maputo.

Maputo anagawidwa m'madera akuluakulu 7: KaMpfumo, Nlhamankulu, KaMaxaquene, KaMavota, KaMubukwana, KaTembe ndi KaNyaka. KaMpfumo ndiye mzinda wa simenti. KaTembe ali kutsidya kwa madzi. KaNyaka ndi chilumba.

Dera lililonse lili ndi mabairo ake. Mabairo ambiri ali ndi chilembo kumapeto kwa dzina. Pali Hulene A ndi Hulene B. Pali Magoanine A, B ndi C. Pali Maxaquene A, B, C ndi D. Amene waiwala chilembo chimodzi angathe kutaya tsiku lonse.

Bairo iliyonse inagawidwa m'magulu a nyumba. Gulu limodzi limatchedwa quarteirão, ndipo lili ndi nambala. Nyumba nayonso ili ndi nambala. Tsono musananyamuke, lembani zinthu izi papepala, ndipo pepalalo mulisunge m'thumba la malaya:

Bairro: ..........
Quarteirão: ..........
Casa: ..........
Nambala ya foni: ..........
Chizindikiro cha pafupi (sukulu, msika, tchalitchi kapena mzikiti): ..........

4. TIYAMBIRE KU BAIXA

Mawu akuti Baixa amatanthauza kumunsi. Awa ndi malo otsika a m'mbali mwa doko, kumene mzinda unayambira. Malo ambiri oyenera kuona ali pafupipafupi, ndipo mungathe kuwayendera pansi m'mawa umodzi.

Yambirani pa siteshoni ya sitima. Nyumba yake yaikulu inatha kumangidwa mu 1916, ndipo imaonekera patali chifukwa cha denga lake lozungulira. Bwalo la patsogolo pake limatchedwa Praça dos Trabalhadores, bwalo la antchito.

Chapafupi pali Mercado Central, msika umene unamangidwa mu 1901. Muli nsomba, zipatso, ndiwo zamasamba ndi mtedza wa kaju.

Kufupi ndi madzi kuli Fortaleza, linga lakale la Apwitikizi. M'menemo muli bokosi la maliro la Ngungunhane, mfumu ya Gaza. Iye anagwidwa mu 1895 ndipo anafera kutali, ku zilumba za Açores, mu 1906. Bokosilo linabwera kuno mu 1985.

Kwerani chitunda potsata Avenida Samora Machel. Mudzapeza munda wa mitengo wotchedwa Tunduru, umene unayamba mu 1885. Muli mthunzi wabwino wopumirapo. Pambali pake pali Casa de Ferro, nyumba ya zitsulo zokhazokha ya mu 1892. Pamwamba pa chitunda pali Praça da Independência, pamene pali chipilala chachikulu cha Samora Machel chimene chinaimikidwa mu 2011.

Mukayang'ana kumadzi kuchokera ku Baixa mudzaona mlatho wautali wopita ku KaTembe. Unatsegulidwa pa 10 November 2018, ndipo kutalika kwake ndi makilomita 3 ndi pang'ono. Usanamangidwe, anthu ndi magalimoto ankaoloka pa sitima yapamadzi.

5. KUWERENGA MISEWU

Mumzinda wa simenti misewu ndi yowongoka. Imadutsana ngati mizere ya pa mphasa. Msewu waukulu umatchedwa Avenida, ndipo pa chikwangwani amafupikitsa kuti Av. Msewu waung'ono umatchedwa Rua. Maina amalembedwa pa makona.

Gwirani pamtima misewu inayi iyi:

Avenida 25 de Setembro ili kumunsi, ku Baixa. Dzinali likutikumbutsa tsiku limene nkhondo ya ufulu inayamba mu 1964.

Avenida 24 de Julho ili pamwamba pake. Imadutsa mzinda wa simenti kuchokera ku Alto Maé mpaka ku Polana.

Avenida Eduardo Mondlane ili pamwamba pa 24 de Julho, ndipo imayenda mbali yomweyo. Chipatala chachikulu, Hospital Central de Maputo, chili pa msewu umenewu. Amene watumizidwa ku chipatalachi alembe dzina la msewuwu.

Avenida Julius Nyerere ili kum'mawa, mbali ya nyanja. Imachokera ku Polana Cimento n'kulowera kumpoto, ku Polana Caniço ndi ku Xiquelene.

Mukasokonezeka, kumbukirani chinthu chimodzi: kumene msewu ukutsetsereka kulowera kudoko ndiko ku Baixa. Mukafika ku Baixa mudzapeza magalimoto opita ku mabairo ambiri.

M'mabairo a bango zinthu ndi zina. Tinjira ndi topapatiza ndi tokhotakhota, ndipo tambiri tilibe maina. Kumeneko munthu amayenda monga kumudzi. Amayang'ana mtengo wa mango, thanki ya madzi, chigayo kapena sukulu. Pamenepa ife akumudzi ndife akatswiri kale.

6. MABAIRO AKALE

Tsopano tiyeni tilowe m'mabairo atatu amene ali m'malire mwa mzinda wa simenti.

Mafalala imayambira pa Avenida Marien Ngouabi. Kale chakumeneku ndiko kunali malire a simenti ndi bango. Nyumba zina za matabwa ndi malata zidakalipo. Mu Mafalala munabadwira Eusébio mu 1942, katswiri wa mpira amene anasewera ku Benfica ndi ku timu ya dziko la Portugal. Munkakhalanso alakatuli José Craveirinha ndi Noémia de Sousa, amene analemba za masautso a anthu akuda pa nthawi ya atsamunda. M'bairoyi munakhazikika Amakua ochokera ku Ilha de Moçambique ndi anthu ochokera ku zilumba za Comores. Chifukwa chake muli mizikiti, ndipo amayi amavina gule wa kumpoto wotchedwa tufo. Mu 2019 munatsegulidwa nyumba yosungiramo mbiri ya bairoyi. Mafalala ikutiphunzitsa kuti anthu akumpoto si alendo a dzulo mu Maputo. Mzindawu unamangidwa ndi anthu ochokera mbali zonse.

Chamanculo ili kumadzulo, kupitirira Alto Maé. Ndi bairo yodzaza kwambiri. Kumeneko kunabadwira Maria de Lurdes Mutola mu 1972. Ali mwana ankasewera mpira ndi anyamata. Mu 2000, ku Sydney, anapambana mpikisano wothamanga mamita 800, ndipo anabweretsera Mozambique mendulo yoyamba ya golide ya masewera a Olimpiki.

Xipamanine imadziwika ndi msika wake waukulu. Muli zitenje, zimene kumeneko amati capulana. Muli mapoto, makasu, nkhuku, mbuzi ndi mankhwala a zitsamba. Mulinso zovala za kaunjika, zimene amati calamidade. Mitengo yake amachita kunenerera. Anthu amapanikizana, choncho ndalama muzigawe pawiri. Zochepa muike pafupi, zambiri muzibise mkati.

M'misewu mudzaonanso anthu ogulitsa malonda pansi. Misika yotere imatchedwa dumbanengue, kutanthauza kuti khulupirira miyendo yako. Dzinali linabwera chifukwa ogulitsawo ankathawa apolisi akafika.

7. MABAIRO AKUTALI NDI MADZI A MVULA

Kumpoto kuli mabairo amene anakula pambuyo pake, monga Hulene, Laulane, Mahotas, Magoanine ndi Zimpeto. Kumeneko malo ndi otakasuka ndipo lendi ndi yotsikirapo, koma ulendo wa kuntchito ndi wautali. Anthu amadzuka kusanache. Ku Zimpeto kuli msika wopikulitsa tomato, anyezi ndi mbatata m'matumba ndi m'mabokosi. Kulinso bwalo lalikulu la mpira limene linatsegulidwa mu 2011.

Amene akufuna nyumba aganizire za madzi a mvula. Mabairo ambiri ali pa mchenga kapena m'malo otsika, ndipo ngalande ndi zochepa. Mu February 2000 kunagwa mvula yoopsa. Madzi anakumba chigwembe chachikulu ku Polana Caniço, anadula Avenida Julius Nyerere ndi kugwetsa nyumba. Mabanja ambiri anasamutsidwira ku Magoanine, kumene anayamba kukhala m'matenti. Mpaka lero anthu amatchula malowo kuti Matendene. Mu February 2018, mvula itagwa kwambiri, phiri la zinyalala la ku Hulene linagumukira nyumba za m'mbali mwake usiku, ndipo anthu oposa 15 anafa.

Choncho musanalowe m'nyumba ya lendi chitani izi:

Yang'anani khoma. Ngati pali mzere wa matope, dziwani kuti madzi amafika pamenepo.

Funsani anthu oyandikana nawo mmene pamakhalira m'January ndi m'February.

Funsani za chimbudzi, za madzi akumwa ndi za magetsi. Ndani amalipira? Amalipira zingati?

Musapereke ndalama musanaone nyumba ndi mwini wake. Mukapereka, mulembane pepala pamaso pa mboni.

Wina akafuna kukugulitsani malo omangapo, dekhani. Malamulo a dziko lathu amati nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Chimene munthu amalandira ndi chilolezo chogwiritsa ntchito malowo, chotchedwa DUAT. Pali akathyali amene amagulitsa malo amodzi kwa anthu awiri kapena atatu. Pitani kaye kwa atsogoleri a bairo mukafunse.

8. KUKWERA CHAPA

Anthu ambiri a mu Maputo amayenda pa chapa. Chapa imeneyi si ya kuchapa zovala ayi. Ndi basi yaing'ono yonyamula anthu. Dzinali linachokera ku mawu akuti chapa cem, chifukwa kale mtengo wake unali mametikali 100 a ndalama zakale. Palinso mabasi akuluakulu, ndi tinjinga ta mawilo atatu totchedwa txopela, timene mtengo wake ndi wokwera.

Kutsogolo kwa chapa amalemba maina awiri: kumene imayambira ndi kumene imathera. Mwachitsanzo, MUSEU – ZIMPETO, kapena BAIXA – MAGOANINE. Maina amene mudzawaona kawirikawiri ndi awa: Baixa, Museu, Xipamanine, Xiquelene, Benfica, Junta, Zimpeto, Costa do Sol. Xiquelene amailembanso kuti Praça dos Combatentes. Malo ndi amodzi omwewo.

Kondakitala amatchedwa cobrador. Iye amafuula maina mofulumira, ndipo khutu lachilendo silimva. Maso ndiwo amathandiza. Amene amadziwa kuwerenga amaona chapa yake idakali patali.

Musanakwere, funsani ngati chapayo ikafika kumapeto. Nthawi ya m'mawa ndi ya madzulo ena amatsitsa anthu panjira. Funsaninso munthu amene mwaima naye kuti mtengo wake ndi zingati, ndipo konzani ndalama zing'onozing'ono. Muuzeni cobrador dzina la malo amene mukatsike. Mukafika nenani mokweza kuti: "Paragem!" Ngati simuli pa changu, yendani m'mawa dzuwa litakwera, antchito ndi ana asukulu atapita kale.

Powoloka msewu, imani pa mizere yoyera. Dikirani magalimoto aime. Yang'anani mbali zonse ziwiri. Mwana mumugwire dzanja.

9. BAIRO ILI NDI ATSOGOLERI AKE

Kumudzi mlendo amayamba waonekera kwa amfumu. M'bairo ndi chimodzimodzi. Mtsogoleri wa bairo amatchedwa secretário do bairro. Pansi pake pali chefe do quarteirão. Wachibale wanu akutengereni kwa chefe ameneyu kuti akudziweni. Iwo ndi amene amathandiza munthu kupeza kalata yotsimikiza kumene amakhala, yotchedwa declaração. Kalatayi imafunika pa zinthu zambiri, monga pofuna ntchito ndi potsegula buku ku banki.

Akuluakulu ena akukumbukira masiku amene munthu sankayenda ulendo popanda kalata yotchedwa guia de marcha. Akukumbukiranso chaka cha 1983, pamene anthu masauzande ambiri opanda mapepala a ntchito anachotsedwa m'mizinda n'kutumizidwa ku Niassa ndi ku Cabo Delgado. Mabanja ambiri anapatukana. Zimenezo zinatha. Lero malamulo aakulu a dziko amalola nzika iliyonse kuyenda ndi kukhala paliponse m'Mozambique. Chofunika ndi kunyamula chitupa chanu, Bilhete de Identidade, chimene timangoti BI.

Anthu a mu Maputo amalankhula Chipwitikizi, Chichangana ndi Chironga. Musaope. Zilankhulo ziwiri zomalizazi ndi zapachibale ndi chathu. Madzi amati mati. Nkhuku amati huku. Mbuzi amati mbuti. Njira amati ndlela. Nyama ndi nyama yomweyo. Pothokoza amati kanimambo. Ena angaseke kalankhulidwe kanu. Asiyeni aseke. Inunso ndinu nzika, ndipo likululi ndi lanunso.

10. MUMZINDA ZONSE NDI NDALAMA

Pano tinene zoona. Kumudzi nkhuni timatola, madzi timatunga, ndiwo timathyola kudimba. Mumzinda makala amagula, madzi amagula, magetsi amagula, ndipo ngakhale masamba a chinangwa ophikira matapa amagula. Malo ogona ndi a lendi. Kupita kuntchito ndi kubwerako ndi ndalama. Malipiro amene amamveka ambiri kumudzi amatha mwezi usanathe.

Ntchito zolembedwa ndi zochepa. Anthu ambiri amadzidalira: amagulitsa pamsika, amamanga, amasoka, amalonda, amagwira ntchito m'nyumba za ena. Chifukwa chake munthu asagulitse mbuzi zake kapena kusiya munda chifukwa cha lonjezo la pakamwa. Ngati wina akufuna kutenga mwana wanu kuti akamuphunzitse sukulu ku Maputo, funsani bwino. Lembani bairo, quarteirão, nambala ya nyumba ndi dzina la sukulu. Muzilankhula ndi mwanayo pa foni inu nomwe. Ana ena amatengedwa ndi lonjezo la sukulu koma amakakhala antchito a m'nyumba.

Anthu a m'bairo nawonso amathandizana. Ali ndi xitique, chimene ife timati chipereganyu: gulu limasonkha ndalama, ndipo mwezi uliwonse mmodzi amalandira. Ambiri anamanga nyumba zawo ndi xitique. Pa maliro amasonkha, pa ukwati amasonkha. Mutu umodzi susenza denga, kumudzi ngakhale mumzinda.

Ndipo khasu lilipo. M'chigwa cha Infulene ndi ku Mahotas kuli madimba aakulu. Alimi ake, ambiri mwa iwo amayi, amalima ndiwo zamasamba zimene mzinda umadya tsiku ndi tsiku. Mlimi wa ku Angónia akafika kumeneko amamva ngati ali kwawo.

11. PANG'ONOPANG'ONO

Palibe amene anaudziwa Maputo tsiku limodzi. Amalume anandiphunzitsa motere. Tsiku loyamba tinazungulira quarteirão yathu, n'kupereka moni kwa oyandikana nawo. Tsiku lachiwiri ndinapita ndekha kumsika ndi pamalo okwerera chapa. Tsiku lachitatu tinakwera limodzi mpaka ku Baixa, ine ndikulemba maina a malo m'kope. Tsiku lachinayi ndinapita ndekha n'kubwerako. Pambuyo pake Lamlungu lililonse ndinkaonjezera bairo imodzi. Lamlungu lina ndinafika ku Costa do Sol, ndipo ndinalawa madzi a m'nyanja kuti nditsimikize kuti ndi amchere.

Mukasochera, musaonetse mantha. Musatsate munthu amene akufuna kukunyamulirani katundu mwaulere. Funsani mayi wogulitsa pamsika, mlonda wa pasukulu kapena wapolisi, ndipo muwaonetse pepala lanu. Yesetsani kufika kunyumba kusanade.

MAWU OYENERA KUWAZINDIKIRA

Tiwerenge mokweza, kenaka tilembe m'makope:

BAIRRO – mudzi wa mumzinda
AVENIDA – msewu waukulu
RUA – msewu waung'ono
PRAÇA – bwalo
PARAGEM – poima basi
MERCADO – msika
HOSPITAL – chipatala
FARMÁCIA – kogulitsa mankhwala
ESQUADRA – kupolisi
ENTRADA – polowera
SAÍDA – potulukira
PERIGO – ngozi

MAFUNSO

1. Kodi dzina lakale la Maputo linali chiyani? Linasinthidwa chaka chiti?
2. Mawu akuti Cimento ndi Caniço amatanthauza chiyani? N'chifukwa chiyani mzinda unagawidwa chotero?
3. Tchulani zinthu zisanu zoyenera kulemba papepala musananyamuke.
4. Kodi Hospital Central de Maputo ili pa msewu uti?
5. Mungadziwe bwanji kuti nyumba imalowa madzi nthawi ya mvula?
6. Kuchokera mu 1975 kufika mu 2018 panapita zaka zingati?

TIKAMBIRANE

Ndani pakati pathu anafikako ku Maputo, ku Beira, ku Tete kapena ku Lichinga? Atiuze chimene chinamuvuta ndi amene anamuthandiza. Kenaka aliyense ajambule mudzi wake papepala: njira yaikulu, sukulu, chitsime ndi nyumba yake. Alembe maina pa malo onsewo. Apereke pepalalo kwa mnzake, ndipo mnzakeyo afotokoze mmene mlendo angafikire panyumbapo.